Fodya wa Adokotala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mlongo wanga Rozina anakomoka ndi malungo. Bambo athu, a Banda, anali atapita ku Chamama. Mayi anamubereka, ine patsogolo, mpaka pa kachipatala ka boma ka kwathu. Tinapeza loko pachitseko, dzuwa lili paliwombo, tsiku la ntchito.

Aliyense ankadziwa kumene adokotala ankapezeka nyengo yothyola fodya. Ndinathamanga kudutsa m'minda, ndipo ndinawapeza m'chigafa mwawo akusoka masamba, manja ali bii ndi utomoni.

"Rozina akufa!"

Anataya zonse, natsogola liwiro. Anasamba m'manja, namubaya jakisoni. Dzuwa likupendeka, Rozina anatsegula maso napempha madzi. Mayi anangokhala pansi pakhonde.

Bambo atabwera anapopa njinga. "Ndikupita ku Boma. Munthu ameneyu achotsedwe ntchito."

Koma nkhani inayamba yafika ku mphakati, kumene Akatolika a m'mudzi mwathu tinkasonkhana kupemphera. Adokotala anaitanidwa. A Nachisale, amene ankatsogolera, sanazungulire.

"Kodi boma linakutumani kudzasoka fodya?"

Adokotala anawerama. "Malipiro sanabwere chiyambire mvula, mayi. Ana anga adye makiyi?"

"Nanga wanga afe?" anatero bambo.



"Nonse mwanena zoona," anatero a Nachisale. "Wantchito ayenera kudya, wodwalanso sadikira. Ku Boma mupite ndithu, a Banda, koma mukafunse za malipiro awo. Fodyayo tithyola ife. Koma inu adokotala, tikadzapezanso loko masana, njingayo ndidzapalasa ndine."

Bambo anapita, nkhope ili gwa. Ine ndinasoka fodya wa adokotala Loweruka lililonse mpaka anatha, ndikung'ung'udza. Pachipatala sipanakhomedwenso masana.

Masiku ano pa wailesi ndimamva zoti akukonza kagwiridwe ka ntchito m'boma. Mawu ake ndi aatali. Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndipo sindichita nazo manyazi. Chimene ndikudziwa ndinachiona ndi maso: wofuna kukonza ofesi ayambe wafunsa ngati wantchitoyo wadya, chifukwa nayenso ndi munthu wa Mulungu. Akadya, asamunyengererenso, pakuti mpando wakhalapowo ndi wa anthu amene akudikira panja.

Rozina ali moyo. Ali ndi zidzukulu kwa Mwase, ndipo mpaka lero amandilalatira.