Mayi Belita Muhiwa ndi Chinangwa cha Pamiyala

Bambo mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa mayi Belita Muhiwa m'kalata ya parishi ya mwezi uno, ndinawafunsa ngati ndingalembe zonse. Anati, "Lembani zoona, mayi Gertrude." Ndiye ndilemba zoona, ngakhale ena mwa amene awerenge pano ali m'gulu la anthu amene anatseka pakamwa tsiku lofunika kulankhula. Akudzidziwa okha. Ine ndinapemphera ndi mayi Belita mu mphakati umodzi kwa zaka zambiri. Zina ndinaziona ndi maso angawa, zina anandiuza eni ake.

Mayi Belita anabadwira ku Mozambiki, kuseri kwa phiri la Mulanje, chaka chimene iwo eni sankachidziwa. Makolo awo anathawa ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi atawabereka kumsana, nadzapempha malo kuno kunsi kwa phiri la Michesi. Sukulu sanailowe. Ali kamtsikana ankasenza nkhuni kuchokera m'phiri, ndipo katekisimu anaphunzira ndi makutu, atakhala kumbuyo kwa anzawo odziwa kuwerenga. Mpaka kukalamba, chinthu chikawafika pamtima ankasiya Chichewa n'kuitana Mulungu m'Chilomwe: "Muluku!"

Anakwatiwa ndi a Davison Muhiwa, mmisiri wokhoma zidebe, ndipo anabereka ana anayi. Sanali olemera, koma pakhomo pawo panali mtendere.

Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri. Anatenga a Davison ndi ana awiri apakati. Mtembo wa a Davison sunapezeke. Mayi Belita anatsala ndi woyamba, Rosemary, ndi chitsirizira, Laston, amene anali asanayambe n'komwe kugwira khasu. Munda wawo unakwiririka ndi miyala, ina yaikulu ngati nkhokwe. Abale anawalangiza kuti asamuke. Iwo anayenda m'mundamo, akupisa dzanja m'mipata, kenako anati, "Amene wagwetsa miyalayi wasiya dothi pakati pake. Ndiye kuti akufuna tidye."

Anapempha mitengo ya chinangwa kwa anansi n'kuibzala m'mipata ya miyala. Pafupi ndi nyumba anabzala chotsekemera, manyokola. Kumtunda, kumene anyani amatsikira, anabzala chowawa, chimene munthu sadya asanachiviike m'madzi kwa masiku, chifukwa chimapha. Ndi chinangwa chimenecho analera ana awo. Ankasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse, ankaphika pa maliro, ndipo m'zaka zimene matenda aja anayamba kutha anyamata ndi atsikana m'midzi muno, iwo ankasambitsa odwala amene abale awo enieni ankawaopa.

Kenako inafika njala ya 2002. Amene analipo sakufunika kuwakumbutsa. Tinadya madeya, tinadya mizu ya nthochi. Chinangwa cha mayi Belita chinatha mu Januwale, chifukwa aliyense wobwera ndi dengu sankabwerera chimanjamanja. Rosemary anali ndi khanda, Aliness, ndipo mkaka unamuuma.

A Sitima, mwini dimba lalikulu m'mbali mwa mtsinje, anali ndi chimanga chokhwima msanga. Sindibisa: Laston analowa m'dimbamo ndipo anathyola chimanga. Chinali chochepa, chokwana m'malaya, choti mlongo wake akaotche. A Sitima ndi mwana wawo Nickson anamugwira. Anam'mangirira pamtengo dzuwa likuswa mtengo, namumenya ndi musi, namutema ndi chikwanje m'manja ndi m'mutu. Anthu anasonkhana. Anaonerera. Linali Lachisanu la m'nyengo ya Lenti, ndipo mayi Belita anali nafe m'tchalitchi pa Njira ya Mtanda. Atafika anapeza mwana wawo akupuma pang'onopang'ono, chimanga chija atamukoleka m'khosi. Laston anamwalira pa ngolo, chipatala chisanaoneke.

Mlandu unapita kuboma, koma mboni inasowa. Theka la mudzi linkagwira ganyu kwa a Sitima kuti lipeze mbale ya madeya, ndiye aliyense anati anafika zonse zitatha. A Sitima anabwerera kwawo n'kupitiriza kuthirira dimba lawo.

Maliro atatha, alongo awo a mayi Belita anabwera ndi chigubu cha palafini kuti akatenthe nyumba ya a Sitima. Mayi Belita anawatsekera njira. Ena amati anawaletsa chifukwa cha chifundo. Si zoona, ine ndinalipo.

"Musamuchepetsere mlandu," anatero. "Moto wanu uzima mawa, ndiye adzati walipira. Ine ndamutengera kwa Woweruza amene sagulidwa ndi madeya. Msiyeni adikire."

Kuyambira pamenepo mayi ofatsa aja anasintha kapempheredwe. Pa mapemphero a mphakati ankagwada n'kunena mokweza kuti, "Muluku, munaona. Anthu akuti sanaone, koma Inu munaona. Musagone pa mlandu wa Laston." Pa pemphero la Ambuye, tikafika pa mawu okhululukira adani, ankatseka pakamwa, ife n'kudutsa, iwo n'kudzatipeza kutsogolo. Bambo mfumu a nthawi imeneyo anawaitana kuti akambe nawo. Iwo anayankha kuti, "Bambo, Mulungu wandidyetsa moyo wanga wonse. Ndimubwezere bodza? Tsiku limene mtima udzavomere, pakamwa padzatseguka."

Sanasiye kusesa m'tchalitchi. Sanasiye kulima. Mvula itagwa anabzalanso chinangwa, chambiri kuposa kale, mpaka kumiyala ya kumtunda kwenikweni. Akakumana ndi a Sitima panjira sankapatuka. Ankaima n'kuwayang'anitsitsa mpaka a Sitima okha atalowa kutchire.

Sizinatenge zaka zambiri. Nickson, amene anathawira ku Blantyre, anabwerera ali mafupa okhaokha, namwalira, kusiya mkazi wake Jenifer ndi ana atatu pakhomo pa bambo ake. Akazi a a Sitima anatsatira. A Sitima enieniwo anagwa m'dimba lomwe lija, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Uthenga utawapeza mayi Belita akupalira, sanaseke ndipo sanalire. Anangoti, "Woweruza wayamba," n'kupitiriza kupalira.

Mu 2005 mvula inadula chimanga chikumasula ngayaye. Pofika Disembala njala inali italowanso m'nyumba. Dimba la a Sitima linali thengo, losowa wolima. Koma pamiyala pa mayi Belita panali pobiriwira, ndipo anthu anayambanso kubwera ndi madengu, kuphatikizapo aja amene anati sanaone kanthu. Mayi Belita ankawapatsa. Rosemary akadandaula, ankati, "Sindinachimeretse ndine."

Tsiku lina m'mawa kunabwera Jenifer. Anali mtsikana wokulira ku Ndirande, wodziwa chinangwa chamumsika chokha. Anagwada patali, pafupi ndi nkhokwe.

"Amayi, ndikudziwa khomo limene ndachokera," anatero. "Sindikupemphera apongozi anga. Ana sanadye kuyambira dzana."

Mayi Belita analowa m'khitchini. Ndi Rosemary amene ananyamuka n'kutenga khasu. "Dikirani pomwepo, mayi a ana," anatero mokoma. Anapitirira manyokola a pakhomo n'kukwera kumtunda. Anabwerako ndi dengu lodzaza.

"Ichi n'chongowiritsa?" anafunsa Jenifer.

"Ingowiritsani," anatero Rosemary. "Adye akhute onse, ndi agogo awo omwe."

Mayi Belita anaona zonsezi pa mpata wa chitseko. Anaona kumene Rosemary anakwera. Anadziwa. Anandiuza okha pambuyo pake kuti mtima wawo unazizirira bwino ngati munthu waludzu wamwa madzi, ndipo anamusiya Jenifer asenze dengu n'kupita.

Masana anakhala pamphasa kuti adye ndi mdzukulu wawo Aliness. Anakweza dzanja kuti achite chizindikiro cha mtanda ndi kuthokoza chakudya monga mwa masiku onse. Dzanja linaima m'malere. Patsogolo pawo panali chinangwa cha m'munda womwewo, ndipo kamwana kanali katatsinzina, kakudikira pemphero.

"Rosemary, wakumba kuti?"

"Mukudziwa kale, amayi. Munaona, simunanene kanthu."

"Muli ana m'nyumba muja."

"Laston sanali mwana wa munthu? Iye anafera chimanga. Awo afere chinangwa. Si zimene mwakhala mukupempha zaka zonsezi?"

"Ndinapempha Iye," anatero mayi Belita. "Sindinapemphe iwe."

Ine ndinakumana nawo panjira ya kumtsinje ndikuchokera kuchigayo. Mayi wachikulire, wopanda nsapato, mpango utagwa, akuthamanga pa dothi lotentha. Ndinawaitana, sanacheuke, ndipo ndinatula thumba langa n'kuwatsatira.

Tinapeza mphika uli pamoto, ana atatu atauzungulira. Wamng'ono anali atagwira kale kachidutswa kakakulu ngati chala, akukatafuna kosaphika, nkhope itakwinyika ndi kuwawa koma osakalavula. Mayi Belita anaukankha mphikawo ndi phazi, madzi n'kuzimitsa moto. Anam'gwira mwanayo n'kumupisa chala kukhosi mpaka anasanza. Jenifer anakuwa, akuganiza kuti abwera kudzalanda. Atamva chifukwa chake anakhala pansi.

A Sitima anali gone pamphasa pakhonde, pakamwa patapotoka. Chiyambire tsiku lija mayi Belita anali asanawalankhulepo. Anapita n'kuima pamutu pawo.

"A Sitima, ndiyang'aneni. Lero mukanaika zidzukulu zanu zonse, ndipo ine ndinadziwa, ndinakhala chete monga anakhalira anthu aja pamtengo paja. Ndinkafuna mumve chimene ndinamva. Ndikuchifunabe. Musanamizidwe kuti ndakukhululukirani. Mlandu wanu uli pomwe ndinausiya, ndipo mukauyankha. Koma chinangwa ichi si changa. Amene anachimeretsa pamiyala anachipereka kuti anthu akhale ndi moyo. Ndikachisandutsa chikwanje, mawa ndidzatambasula bwanji dzanja kwa Iye?"

A Sitima analira ngati mwana. Anayesetsa kulankhula, ndipo mawu amene anatuluka anali amodzi: "Laston..."

"Dzina limenelo musalitchule," anatero mayi Belita. "Silikukwanani m'kamwa."

Kenako anatembenukira kwa Jenifer, namuonetsa kasendedwe ka chinangwa chowawa, kaviikidwe kake, ndi mmene angadziwire kuti ululu watha. Madzulo anabweranso ndi manyokola kuti ana adye tsiku lomwelo. Mwana uja anadwala mutu ndi m'mimba, koma anachira.

Kuyambira pamenepo dengu linkapita kwa a Sitima sabata iliyonse mpaka zokolola. Ankalisenza okha, kulitula pakhonde, n'kubwerera osapereka moni. Mvula yotsatira anamupatsa Jenifer mitengo yobzala. Rosemary anakhala mwezi wathunthu osalankhula ndi mayi ake. Ena m'mudzi anati mayi Belita agulitsa magazi a mwana wawo. Ine nditawafunsa ngati sizinkawapweteka, anati, "Zimapweteka, mayi Gertrude. Dengu lija limalemera kuposa mwala. Koma dzuwa la Mulungu limawalira pa dimba lawo monga pamunda panga, ndipo Iye sanandifunsepo maganizo."

Anayamba kufooka m'nyengo yozizira ya chaka chino cha 2009. Anakana kukagona kuchipatala, nati akufuna kuona munda wawo pa zenera. Ife a mphakati tinkasinthana kuwadwazika. Lachiwiri lina m'mawa bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, ndipo atamaliza anawafunsa motsitsa mawu ngati panali wina amene anali asanam'masule mumtima.



"Bambo, ndinayesa," anatero mayi Belita. "Ndinamudyetsa. Sindinamuphe, zidzukulu zake ndinazisunga. Pamene ndinalekezera ndi pamenepo. Chotsalacho ndilibe, ndiye ndikachipempha kwa Iye. Sanandimanepo chimene ndinkasowa."

Bambo mfumu anawapatsa Ukalisitiya. Mayi Belita anapempha madzi, namwa pang'ono, n'kumuuza Aliness kuti akatsegulire nkhuku. Pamene mwanayo amabwerera, agogo ake anali atapita, nkhope ili phee ngati munthu wotula katundu.

A Sitima akadali moyo. Tsiku la maliro anapempha kuti awanyamule pa njinga, ndipo anyamata ena anafuna kuwabweza panjira. Rosemary anati awasiye, akhale kumbuyo, aone manda onse awiri, a mayi ndi a mwana. Anakhala pamenepo padzuwa mpaka anthu onse atabalalika.

Sindinena kuti mayi Belita anali mngelo. Anali mayi wovulazidwa koopsa, amene anakana kunamiza Mulungu ndipo anakananso kuipitsa mphatso Yake. Amene munaonerera pamtengo paja, n'kudzadya chinangwa chawo osapepesa, nthawi ikadalipo. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Munda wa pamiyala tsopano akulima Rosemary. Mpaka lero sapereka moni kwa a Sitima, ndipo akuti sadzapereka. Koma Loweruka lapitali ndinakumana naye panjira ya kumtsinje, nsagwada zitalimba, dengu lili pamutu. Ndinasuzumiramo. Anali manyokola.