Moni wa Nkhuni

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, chaka chimene ndinayamba Sitandade 1, ndikukhala pansi pakati pa tiana tondilekeza m'chiuno. Mayi ankakazinga mandasi, ndipo malonda atakula nkhuni zinayamba kutivuta. Mitengo ya bulugamu inali kwa a Jere okha, mtchona wa ku migodi wokhala yekha, amene anthu ankawathawa chifukwa cha pakamwa.

Mayi anandisankha kukhala kazembe wawo. Loweruka lililonse ndinkapita ndi mandasi anayi otentha m'kambale, n'kugwada, n'kufunsa za mwendo wawo wodwala. Iwo ankandinena kuti mbuli yaitali, kenako n'kundiphunzitsa zilembo za pachitini cha mafuta, n'kundilozera nthambi zoti ndidule. Dzina langa ndinalilemba koyamba padothi la pakhomo pawo. Tinkaseka kwambiri.

Mitengo itatha, mayi anapeza wamakala. Kambale kanasiya kuyenda, inenso ndinasiya. Tsiku lina nditaona a Jere pamsika, ndinayang'ana kumbali. Anandiitana: "Iwe kazembe, moni uja anali wa nkhuni?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. A Jere anamwalira chaka chotsatira ndisanapondekonso kwawo.

Lero ndimathirira maluwa panyumba ina ku Al Markhiya, mumzinda wa dziko lina lakutali la m'chipululu, lolemera ndi gasi. Mwezi watha abwana anga, amene amagulitsa gasi, analandira alendo a dziko lina lalikulu la ku Asia, kumene mafakitale akumera ngati bowa koma gasi sakukwana. Anafika ndi mphatso, akuwerama, akufunsa za bondo la abwana. A Tembo, dalaivala wathu wa ku Chipata, anandinong'oneza kuti, "Madala, onani chikondi. Gasi akadzatha, wallahi, ngakhale foni sadzayankha." Ndinaseka mpaka paipi inandinyowetsa nsapato, koma alendowo ndinali nditawazindikira. Anali ine ndi kambale kanga.

Sindikuwadzudzula. Moto ukafuna nkhuni, munthu amaphunzira ulemu, dziko nalonso chimodzimodzi. Kulakwa kwanga sikunali kupita kwa a Jere chifukwa cha nkhuni ayi. Kunali kusapitakonso zitatha.

M'mawa mwake linali Lachisanu, tsiku langa lopuma. Ndinakwera basi kupita ku Umm Ghuwailina, dera lina la mzindawu, kwa a Phiri, amene anandipezera ntchitoyi, ndipo panali patapita zaka ziwiri ndisanawazonde. Atatsegula chitseko anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinati palibe, n'kuvula nsapato, n'kulowa.