Tsiku Limene Vaneti ya Apongozi Inabanika

Tinanyamuka ku Kanakantapa dzuwa litangotuluka. Ine ndinali kumbuyo kwa vaneti, pakati pa mabokosi a matimati, mwana wanga Tamanda ali kumsana. Mtima wanga unali utafika kale ku Chongwe.

Amayi anga ondibala anali ku Lusaka kukaonetsa maso, ndipo tsiku limenelo ankabwerera kwathu ku Katete. Dzulo lake anandiimbira foni. "Nizatsikira pa Chongwe nikudikire," anatero. "Koma basi ya masana nizakwera, nyumba ili yokha. Ubwere naye mwana nimuone. Akuti diso lotsalali nalo layamba nkhungu." Tamanda anali ndi miyezi isanu, ndipo agogo akewo anali asanamuonepo.

Mwamuna wanga Yohane amagwira ntchito pa famu ina ku Chisamba, amabwera kothera mwezi. Minibasi ya ku Kanakantapa imanyamuka ikadzaza, ndipo masiku ena imadzaza dzuwa lili pamutu. Choncho apongozi anga aakazi anandipemphera malo m'vaneti ya amuna awo, a Phiri, amene ankapita kukagulitsa matimati.

Pakhomo pa a Phiri mkazi wokwatiwa sayankhulana ndi apongozi ake aamuna. Tikakumana panjira ndimapatuka, iwo amayang'ana kumbali. Madzi akumwa ndimaika pansi, ndikachoka ndiye amatenga. Anzanga amati zimenezi zinatha kale, koma kwathu sizinathe, ndipo ine, amene ndimachita manyazi ngakhale kufunsa mtengo wa sopo, mwambowu unkandikwana ngati diresi londisokera. Ndiye chifukwa chake ndinakhala kumbuyo, pomwe mpando wakutsogolo unali ndi thumba la kabichi.

Vanetiyo ndi yaikulu kwa ine pobadwa. Inali yoyera kale, akutero anthu. Chitseko chimodzi chimatsekedwa ndi waya. A Phiri amaitcha Mudala, kutanthauza nkhalamba, ndipo m'mawa samaifulumiza: amapotoza kiyi pang'ono, nadikira kanyale ka kutsogolo kazime, kenako ndiye amaliza. Imayamba ndi kutsokomola utsi woyera, kenako imalira gudugudu mpaka mano kugundana.

Pa chigayo tinanyamula Amake Juliyasi, mnansi wathu wogulitsa repu, mayi wa pakamwa posatseka. Sanalipire ndalama. Anaponya mitolo iwiri ya repu pawindo n'kunena kuti, "Iyo ni ya amayi kunyumba, Ba Phiri. Osati mukagulitse." Anakhala mbali yakumanja, nayamba kundiuza nkhani za mpongozi wawo asanakhazikike n'komwe.

Unali mwezi wa Okutobala. Fumbi la msewu linkatilondola ngati galu, ndipo tikachepetsa liwiro linkatipeza. Tinadutsa tchalitchi, tinadutsa minda yopsereza ndi madimba obiriwira a m'mbali mwa mtsinje. Ndinayamba kuganiza kuti ndifika msanga, ndiwagulire amayi tiyi.

Pa chitunda choyamba Mudala anayamba kufooka. Kulira kwake kunachepa, anagwedezeka kawiri, nazima.

A Phiri anatsika osadandaula. Anatsegula boneti, natenga kabotolo. Ndinkawaona kudzera pagalasi. Anamasula pansi pa filita, kachitini kosefera mafuta, nadontheza pang'ono m'kabotolomo, n'kukakweza ku dzuwa.

"Muli madzi?" anafunsa Amake Juliyasi. "Ninakuuzani, dizilo ya m'zigubu ija amaibatiza."

"Mulibe," anayankha a Phiri. "Yayera ngati uchi."

Anayamba kudinikiza kapampu ka pamwamba pa filita ndi chikhatho, mpaka kanalimba. Atapotoza kiyi, Mudala anadzuka. Tinapita.

Sitinapite patali. Pafupi ndi mjigo wina, pamene amayi ambiri anali pamzere ndi zigubu, anazimanso. Ulendo uno a Phiri anachotsa kapaipi, napemerera m'kati, nalavula. Anagwedeza mawaya a batire. Anayang'ana pansi ngati pali pamene pakudontha. Panalibe. Dzuwa linali litakwera, matimati atayamba kutentha m'mabokosi, Tamanda atayamba kudzipotokola. Ndinamuyamwitsa, maso anga ali pa msewu.

Foni yanga inalira. "Uli pati?" anali amayi.

"Tili m'njira, amama."

"M'njira pati?"

Ndinayang'ana mjigo, ndi mbuzi imene inkatiyang'ana. "Pafupi," ndinatero.

Kunabwera mnyamata wa njinga yamoto, ndipo Amake Juliyasi anamuimitsa ndi manja onse awiri. Repu yawo inali itayamba kugona. Atamanga matumba awo, panatsala malo a munthu mmodzi, ndiponso ine sindinakwerepo njinga yamoto ndi mwana. "Osalira, Amake Tamanda," anatero akukwera. "Amayi ako avala bwanji?"

"Duku yobiriwira, ndi magalasi akuda."

"Nizawapeza. Basi siyenda nawo nikalipo ine." Anatembenukira kwa apongozi anga. "Ba Phiri, Mudala wanu afuna penshoni!"

Atapita, kunakhala zii. Tinatsala atatu: a Phiri, ine, ndi mwana wosayankhula.

A Phiri anapopanso, injini inalira. Ine ndinasunthira pamalo pamene panali Amake Juliyasi, chifukwa panali kamthunzi ka mabokosi. Ndi pamenepo ndinaona pothirira mafuta. Chitsekero chake panalibe. Ndinakumbukira kuti apongozi aakazi anadandaula dzana kuti chatayika kumunda. M'malo mwake a Phiri anamangapo pulasitiki yokhuthala, ija ya m'kati mwa thumba la feteleza, n'kuizunguliza ndi mphira ya chubu, zolimba ndithu, kuti fumbi lisalowe.

Tikuyenda, pulasitiki ija inayamba kulowa m'kati. Pang'onopang'ono inkabonyoka ngati tsaya la Tamanda akamayamwa. Ndinkangoiyang'ana chifukwa ndinalibe china choyang'ana. Itabonyoka mpaka kuuma gwa, Mudala anatsokomola, nazima kachitatu.

Tinaima pansi pa mtengo wa mthethe, pamalo opanda nyumba. A Phiri anatsegulanso boneti. Ine ndinamva kaphokoso kakang'ono pafupi ndi chigongono changa, tsiii, ndipo pulasitiki ija inkabwerera pang'onopang'ono.

Za injini sindidziwa kanthu. Sukulu ndinalekeza giredi faifi. Koma botolo la mwana wa mlongo wanga ndinaligwirapo: likapanda polowera mpweya, nsonga yake imaphwa, mkaka sutuluka, mwana amalira. Maganizo amenewo anandigwira ngati chitedze. Ndinayang'ana kumsewu ngati kukubwera mayi aliyense woti ndimutume. Kunalibe.

Amene anabwera anali bambo wa makala, akukankha njinga yolemedwa ndi matumba. Anaimika njinga, napukuta thukuta.

"Shani, badala? Yafa?" anafunsa bamboyo powalonjera apongozi anga.

"Iyenda, izima. Iyenda, izima," anatero a Phiri. "Madzi mulibe, paipi siyotsekeka."

"Ni pampu yaikulu iyo. Ya mulamu wanga inachita so. Anakhala nayo pa garaji mpaka mvula."

"Mulamu wako anali na motoka?"

"Ya abwana ake."

A Phiri anaseka pang'ono, koma anatulutsa foni n'kuimbira makanika wawo wa ku Chongwe. Ndinamva zonse. Makanikayo anali ndi ntchito ina, anati abwera madzulo. "Chabwino," anatero a Phiri, "tizadikira." Anakhala pamwala, navula chipewa.

Kudikira mpaka madzulo! M'maganizo ndinaona basi ikunyamuka, amayi ali pawindo ndi magalasi awo akuda. Ndinaganiza zomuuza bambo wa makala uja, koma anali mlendo, mwamuna, ndiponso anali chikhalire pafupi ndi apongozi. Ndinatsika m'vaneti, ndinakweranso. Ndinamasula Tamanda, ndinamumanganso. Foni inaliranso, sindinaiyankhe.

Kenako ndinamutsitsa mwana, ndinamukhazika pamwendo, ndinamuyang'ana m'maso, n'kuyankhula mokweza kuposa mmene ndinayankhulirapo pakhomo pa a Phiri.

"Tamanda, uwauze agogo ako kuti pulasitiki ya pathanki ilowa m'kati tikamayenda. Tikaima, ichita tsiii, ibwerera."

Tamanda anandigwira mphuno. Bambo wa makala anayang'ana mwana, nayang'ana ine, nayang'ana a Phiri. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike.

A Phiri anavala chipewa, anaimirira, anazungulira vaneti. Ine ndinatembenukira ku mabokosi. Ndinamva akumasula mphira, ndipo mpweya unalowa m'thanki ndi mkokomo, fwuuu, thanki n'kulira gu, ngati mgolo wopanda kanthu.

"Mayo ine," anatero a Phiri chapansipansi. Kenako anakonza pakhosi. "Tamanda, uwauze amayi ako kuti aona bwino. Chitsekero chakale chinali na kabowo kopumira. Ine namanga Mudala pakamwa na pamphuno, manje nimufunsa chifukwa chake sathamanga."

Bambo wa makala anaseka mpaka kugwira njinga. "Mwana uyu ni makanika! Ali na zaka zingati?"

"Tamanda," anapitiriza a Phiri, "ufunse ngati pali kanthu kosongoka."

Ndinamasula kapini kamene ndimamangira thewera, ndinakaika pamwamba pa bokosi, n'kubweza dzanja. Iwo anakatenga, anamanganso pulasitiki, naiboola timabowo ting'onoting'ono cha m'mbali.

Koma ntchito inali isanathe. Chifukwa cha kuzimazima kuja, mpweya unali utalowa m'mapaipi a mafuta, ndipo injini ya dizilo siyenda ndi mpweya. Panafunika wina wopopa pamene iwo akumasula kanati ka pa filita. Manja a bambo wa makala anali akuda bii ndi fumbi, ndipo a Phiri sanafune fumbilo pafupi ndi mafuta.

"Tamanda, uwauze amayi ako abwere mbali iyo. Azidinikiza apa mpaka niwauze."

Ndinaima mbali ina ya boneti, iwo mbali inayo, aliyense akuyang'ana manja ake. Ndinadinikiza. Pa kanati paja panatuluka thovu, kenako thovu losakanikirana ndi mafuta, kenako mafuta okhaokha, akuyenderera m'zala zawo ndi m'zanga.

"Tamanda, basi."

Anapotoza kiyi. Injini inangoti ngrrr, ngrrr, mwaulesi. Batire linali litatopa ndi kulizaliza kwa m'mawa wonse. Mwamwayi kutsogolo kunali kotsetsereka. Bambo wa makala anagoneka njinga yake, anaitana anthu awiri amene ankadutsa ndi makasu, ndipo anakankha akukuwa. Ine ndinagwiritsa mwana ndi dzanja limodzi, bokosi ndi linalo. Mudala anagubuduka, anadumpha, anatulutsa utsi wakuda, n'kubangula. A Phiri sanaime. Anangotulutsa dzanja pawindo, nandikuwira kudzera mwa mdzukulu wawo: "Tamanda, muwaponyere matimati!" Ndinaponya odzaza manja awiri mumsewu, ndipo ndinaona wa makala uja akutola, akuseka.

Kuchokera pamenepo maso anga sanachoke pa pulasitiki. Inkangopepheruka ndi mphepo. Titafika pa tara, pa msewu waukulu wopita kum'mawa, a Phiri anathamanga liwiro limene sindinkadziwa kuti Mudala ali nalo. Mabokosi ankavina. Dzuwa linali litapendeka kale.

Pa siteji ya Chongwe basi inali ikulira, kondakitala ali pakhomo akumenya chitseko. Pansi, pafupi ndi tayala, panali chikwama chachikulu cha amayi, ndipo pamwamba pake panakhala Amake Juliyasi, akudya chitumbuwa.

"Mayi, chokani pachikwama, tichedwa!"

"Ninakuuza, mwana wanga, mwendo wanga wachita dzanzi. Ukuchira manjemanje." Atandiona anaimirira bwinobwino. "Wachira."

Amayi anali chiimire pambali, duku yobiriwira kumutu. Ndinagwada, koma sanandilabadire. Anavula magalasi, anatenga Tamanda, anatembenukira ku dzuwa, n'kumubweretsa pafupi ndi nkhope yawo mpaka mphuno zinagundana. Anamuyang'ana ndi diso lawo limodzi lija nthawi yaitali: pamphumi, m'makutu, pachibwano. Kondakitala anasiya kumenya chitseko.

"Makutu ni a malemu atate ako," anatero. Kenako anamununkhiza. "Nanga mwana anunkha dizilo bwanji?"

"Agwira ntchito lero," anayankha a Phiri, amene anaima patali chipewa chili m'manja. Anapatsana moni ndi amayi mwaulemu, monga amachitira asewele. Sipanapite nthawi, basi inanyamuka. Tiyi uja sitinamwe. Amayi anakhala pawindo, magalasi ali m'manja, osawavala mpaka basi inakhota.

Pobwerera madzulo, matimati atagulidwa, a Phiri anaima pa sitolo ya zitsulo nagula chitsekero china. Ndinawaona akuchitembenuza, akufunafuna kabowo, asanalipire. Kenako anaika kapepala ka zitumbuwa ndi botolo la chakumwa cha munkoyo pamwamba pa bokosi lopanda kanthu. "Tamanda, upatse amayi ako." Kapini kaja sanabweze. Kali pa galasi lakutsogolo, kakulendewera pa ulusi.

Ndinkaganiza kuti ulemu ndi kukhala chete. Tsiku limenelo ndikanakhala chete, amayi akanapita ku Katete osadziwa kuti mdzukulu wawo ali ndi makutu a ndani. Mpaka lero ine ndi apongozi anga sitinayankhulanepo maso ndi maso, ndipo panjira ndimapatukabe. Koma Tamanda, amene sanayambe n'komwe kunena kuti "mama," watopa ndi kutumidwa.