Adada Atagwira Baibulo M'khoti

Lachiwiri, nditaweruka kusukulu.

Lero kunabwera mayi wina wa ku yunivesite amene akufufuza za makhoti. Anatifunsa ngati kulumbira pa Baibulo kumaletsadi munthu kunama. Anzanga anatsutsana mpaka belu linalira. Ine ndinangowerama.

Kale, pamene ndinali mu Sitandade 2, ng'ombe zathu zinadya mpunga wa aneba athu ku Hara. Ndinaona ndekha adada akuzitulutsa m'mundamo, matope mpaka m'mawondo. Mlandu unafika kukhoti, ndipo amama ananditenga poti kunyumba kunalibe wondisiyira. M'chipindamo munkanunkha thukuta ndi zitosi za mileme. Adada anagwira Baibulo lakuda long'ambika chikuto, n'kunena kuti tsikulo ng'ombe zinali m'khola.

Ku Sande sukulu anatiuza kuti munthu akanama atagwira Baibulo amagwa pompo n'kufa. Ndinakuwa, "Adada, lisiyeni, mufa!"

Khoti lonse linaseka. Aneba aja anati, "Bwana, mboni ina ya chiyaninso?" Adada anagonja pamlanduwo, ndipo mwana wa ng'ombe wathu anapita ngati chipepeso.

Pobwerera sanandimenye. Anangoti, "Mwana wane, wandivula pagulu," n'kumayenda patsogolo. Ine ndinkawatsatira pafupipafupi kuti akamagwa ndiwagwire.

Mpaka pano ndikawaona akuwerenga mawu kutsogolo m'tchalitchi ndimayang'ana pansi, ndipo sindidziwa ngati manyaziwo ndi anga kapena awo. Mawa ndikakawaperekera chakudya kumunda, ndikawauza kuti tsiku lija sindinkafuna kuwaulula. Ndinkangoopa kukhala wamasiye.