Banga la Vinyo pa Nsalu ya Deolinda

Deolinda wakhala akudula mitu ya nsomba pafakitale ya nsomba zam'zitini ku Matosinhos chiyambire utsikana wake. Sanali wapakamwa. Mwamuna wake Ilídio akalankhula, iye ankangoti "chabwino" n'kupitiriza kusenda mbatata, moti anansife tinkapsa mtima m'malo mwake.

Mwana wawo Valdemar analowerera m'mankhwala osokoneza bongo, aja obaya pamkono. Anayamba ndi kuba ndolo zagolide za mayi ake, n'kudzathera pothyola sitolo. Kukhoti kunapita Deolinda yekha, Ilídio akuti anali ndi mphesa zoti adulire. Woweruza anati m'malo mwa ndende, Valdemar akakhale kufamu ina kumapiri kumene amathandiza anthu kusiya mankhwalawo. Koma akakangoswa lamulo la kumeneko n'kuchotsedwa, ndende ikumudikira. Lamulo linali loti asalawe choledzeretsa chilichonse, ndipo akachokera kwawo ankamuyeza.

Nkhani inagona pamenepo. Kwathu kuno vinyo satchedwa mowa, amati ndi mnzake wa buledi. Ndipo kukana vinyo amene bambo ako afulula ndi manja awo kuli ngati kuwalavulira kumaso.

Akufamu kuja anamulola Valdemar kubwera kwawo pa ubatizo wa mwana wa mlongo wake. Anafika atajintcha, m'manja muli zikang'a za khasu. Deolinda anayala nsalu yoyera imene apongozi ake anapeta, ija sankalola ndi mwana yemwe kuyikhudza. Nsomba yamchere itafika patebulo, Ilídio anadzaza tambula n'kuyikankhira kwa mwana wake.

"Bambo, sindiloledwa," anatero Valdemar.

"Saloledwa! Kodi ndakupatsa jakisoni? Uyu ndi vinyo wam'munda mwathu. Agogo ako ankamwa kuyambira ali mwana, anafa ndi mano onse."

Alendo anaseka, anthu akuluakulu odziwa bwino lomwe kumene mwanayo akuchokera. Amalume ake anawonjezera nkhuni: "Kumapiriko akusandutsa sisitere eti? Imwa, kamodzi sikapha."

Valdemar anagwira tambula ija. Sankafuna vinyoyo. Ankafuna bambo ake, amene chimugwirireni apolisi, anali asanamuyang'anepo m'maso.

Deolinda, amene anameza mkwiyo zaka zonsezi, anakankhira mpando wake kumbuyo. Anaimirira, n'kulanda tambulayo, n'kukhuthulira vinyo yense pakati penipeni pa nsalu ya apongozi ake. Sanafulumire. Anadikira mpaka dontho lomaliza.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa alendo, mkazi iwe," anatero Ilídio.

"Manyazi mumawadziwa inu? Manyazi ndinawaona ine kukhoti, inu muli kokasisita mphesa zanuzo. Mukufuna mwana abwerere kundende kuti anthu aziti Ilídio amafulula vinyo wokoma? Idzazeninso muone ngati sindikabowola mbiya zonse m'nkhokwemo."

Palibe anasekanso. Ilídio anatuluka n'kumenyetsa chitseko, ndipo Valdemar anadya nsomba yake ndi madzi.

Atabwerera kumapiri anamuyeza, osamupeza kanthu. Akadali komweko, akuweta mbuzi.

Banga lija silinachoke, ndipo Deolinda sanayesepo n'komwe kulichapa ndi mchere monga tonse tinamuuzira. Lamulungu lililonse amayala nsalu yomweyo, n'kuitembenuza bwinobwino kuti bangalo likhale pomwe pali mbale ya Ilídio.