Dorica Akana Goli la Viza

Dorica Mpinganjira anakulira m'chigayo. Bambo ake anali ndi chigayo cha dizilo ku Luchenza, ndipo pamene atsikana anzake ankasewera fulaye, iye amakhala atagwada pambali pa injini, akupatsira bambo akewo masipanala. Atamaliza sekondale anakaphunzira uinjiniya ku Poly, kenaka anagwira ntchito zaka zingapo pa fakitale ya shuga ku chigwa cha Shire. Kumeneko ndiye anaphunzira kuyankha amuna osagwetsa nkhope.

Ntchito ya ku Leicester, ku Mangalande, anaipeza yekha pa intaneti. Inali kampani yopanga zakudya za m'mapaketi, ndipo inkafuna munthu wosamalira makina ake. Anabwera ndi mwamuna wake, Moffat, yemwe kumudzi anali mphunzitsi koma kuno anayamba ntchito yosamalira okalamba. Anapeza nyumba ku Spinney Hills, moyandikana ndi butchala ya a Sattar, mmwenye wobadwira ku Limbe amene ankawapatsa moni m'Chichewa chozama kuposa cha Sheila, mwana wa Dorica ndi Moffat. Mwanayo anabadwira konkuno, ndipo ukamufunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi.

Viza ya Dorica inali yomangirira ku kampaniyo. Ntchito ikatha, munthu amapatsidwa kanthawi kochepa kuti apeze kampani ina yomuimira, apo ayi azilongedza. Ndipo chilolezo cha Moffat ndi cha Sheila chinkapachikika pa chake.

M'chaka chachitatu kampani inagulidwa ndi anthu ena. Antchito anayamba kuitanidwa ku ofesi mmodzimmodzi, n'kumatuluka maso ali pansi. Mainjiniya awiri a m'gulu la Dorica anapita. Ndiye tsiku lina manenjala watsopano anaitana iyeyo.

"Iwe usade nkhawa, Dorica," anatero manenjalayo. "Ntchito ya awiri aja uitenga ndiwe, ndipo Loweruka ndi Lamulungu foni yako izikhala yotsegula. Zokweza malipiro tiiwale kaye."

"Mpaka liti?"

Bamboyo anamwetulira ngati akumuyamikira. "Tinene zoona, anthu a viza simupita kulikonse. N'chifukwa chake timakudalirani."

Dorica anatuluka mu ofesimo. Anabwerera ku makina, n'kumanga bawuti mwamphamvu mpaka dzanja linachita dzanzi. Chimene chinamuwawa si kuchuluka kwa ntchito, pakuti ntchito sankaiopa. Chinamuwawa n'chakuti munthuyo anali atamuyeza kale, n'kupeza kuti ndi ng'ombe ya pangolo yosathawa goli.

Sabata yomweyo Dorica anaimbira foni Kamran, injiniya amene ankagwira naye ntchito poyamba asanasamukire ku Derby. Kumeneko Kamran anali pa kampani yaing'ono yopanga makina olongedzera katundu. Anamuuza mosabisa kuti malo alipo ndipo kampaniyo ili ndi chilolezo choimira alendo, koma viza iyenera kupemphedwa mwatsopano, komanso miyezi yoyamba ndi yoyesedwa. Akapanda kukhutira naye, ndiye kuti waphonya konsekonse.

Lamulungu masana, atabwera ku tchalitchi, Dorica anamuuza Moffat.

"Mayi a Sheila, fodya wako ndi uyo ali pamphuno," anatero Moffat. "Mwatsala pang'ono kupeza mapepala okhazikika. Bwanji osangopirira? Kakampani ka ku Derbyko kakagwa mawa, tilowera kuti?"

"Nanga kuno andilonjeza kuti sandichotsa? Awiri aja anapirira, lero ali kuti?"

"Iwo aja ndi eni dziko. Akhoza kukhala pakhomo chaka chonse, palibe wowathamangitsa. Ife tili ndi mwana amene Malawi amangomuonera pa foni."

Apa Dorica anaona kuti Moffat ankanena zoona. Ankadziwa kuti mwamuna wakeyo anasiya choko ndi ulemu wa uphunzitsi chifukwa cha iye, ndipo tsopano ankasambitsa nkhalamba za eni ake popanda kudandaula. Mantha akewo sanali a ulesi.

"Bambo a Sheila, ndakumvani," anatero pomaliza. "Sindisiya ntchito mpaka viza yatsopano itatuluka. Koma kukhala pansi pa munthu amene wandiuza m'maso muli gwa kuti sindingathawe, ayi. Ndikavomera lero, mawa andisenzetsa ntchito ya anthu anayi, ndipo akadzathana nane adzandichotsabe. Ndinabwera kuno ndi mutu wanga ndi manja angawa. Pepala la viza lija silinandiphunzitse ntchito."

Moffat anapukusa mutu n'kupita kukachotsa zovala pa chingwe, poti kunja kunayamba kuwaza. Nkhaniyo itafika ku tchalitchi, amayi ena anamukokera Dorica pambali n'kumulangiza kuti mlendo sakweza mutu. Iye anawathokoza mwaulemu, koma m'mawa mwake anapempha tsiku lopuma n'kukwera sitima ya ku Derby kukachita intavyu.

Anamutenga. Kenaka inafika nyengo yodikira viza, imene inali yowawa kuposa zonse. Ankagwira ntchito ya anthu atatu, foni ikulira ngakhale pakati pa mapemphero, kwinaku akuyang'ana uthenga wosabwera. Anaonda. Moffat, ngakhale sanagwirizane nazo, anasintha mashifiti ake kuti azikatenga Sheila ku nazale, ndipo sananenepo mawu oti ndinakuuzani.

Viza itatuluka, Dorica anavala ovolosi yake monga mwa masiku onse, n'kukagogoda pa ofesi ya manenjala.

"Ndikusiya ntchito. Ndapeza kwina."

"Kwina kuti? Nanga viza yako?"

"Yatuluka kale. Ya kwinako."

Manenjalayo anasintha nkhope. Anayamba kulankhula za kukweza malipiro, za udindo watsopano, za kulemba munthu womuthandiza. Dorica anamusiya mpaka amalize.

"Zonsezi zinalipo mwezi wathawu," anatero. "Munangoona kuti palibe chifukwa chondipatsira."

Anagwira masabata ake otsanzikira mokhulupirika, n'kusiya makina onse ali bwino, chifukwa sankafuna kuti wina adzanene kuti Mmalawi uja anachoka ataononga.

Ku Derby sikunali kofewa. Ankadzuka kusanache kuthamangira sitima, ndipo mwezi wina maoda atachepa, mtima unali m'mwamba nyumba yonse. Koma miyezi yoyesedwa inatha, anamukhazikitsa, ndipo tsopano makina ena amene kampaniyo imagulitsa ndi ojambula iye mwini. Kampani yakale ija sinatsekedwe. Inachotsanso anthu ena, ndipo palibe akudziwa ngati Dorica akanakhala m'gulu limenelo kapena ayi.

Mpaka lero Moffat amati mkazi wake anachita juga ndi banja lonse. Dorica satsutsa. Amangoti kukhala kunalinso juga, kungoti makadi ake anali m'manja mwa munthu wina.