Chiwindi cha Ezron

Ku Kanakantapa aliyense amadziwa kuti Ezron, mlimi wa tomato, sanalakwepo chibadwire. Tomato akafota, wolakwa ndi mnansi wanjiru. Njinga ikaphulika tayala, ndiye kuti wina waiyang'ana ndi diso loipa. Pofuna kudziteteza, chaka ndi chaka ankapita kukatemera mphini kwa sing'anga wina, amene lumo lake limodzi linkatumikira mudzi wonse mosatopa.

Tsono maso ake atachita chikasu, thupi n'kumayabwa, Ezron sanavutike kufufuza. Anati mkazi wake Tisauke wamuthirira kondaine mu ndiwo, napyoza muyeso. Anamulongedzera katundu masanasana, anthu akuona. Mayiyo anakwera minibasi ya ku Chongwe akulira, ndipo zinali zomvetsa chisoni ndithu.

Matenda sanapite ndi Tisauke. Ezron atafika kuchipatala ku Lusaka, dokotala anapeza kachilombo ka hepataitisi C, kamene kamayenda m'magazi, ndipo ataona mizere ya mphini pamsana pake anangopukusa mutu. Anawonjezera kuti magazi akusonyezanso ngati chitetezo cha thupi lake chomwe chikuukira chiwindi. Zinthu ziwirizi nthawi zina zimapezekera pamodzi, koma kuti adziwe ngati kachilomboko ndiko kanaputa chitetezocho, kapena ndi matenda awiri osiyana, pafunika kupimanso, chifukwa mankhwala ake safanana.

Ezron anamvetsera bwinobwino, kudikira kuti dzina la munthu lituluke. Silinatuluke.

"Manje ba dokota," anafunsa, "nanga mukazi wanga?"

Dokotala anati inde, mkaziyo abwere akapimidwe, mwina bamboyo anamupatsira.

Apa m'pamene Ezron anachita manyazi koyamba m'moyo wake, ndipo manyaziwo anam'pweteka kuposa chiwindi. Ankamufunadi mkazi wake. Anayeserera mawu opepesa njira yonse, koma pakamwa posazolowera pamavuta.

Anam'peza pamsika wa Chongwe akugulitsa tinsomba ta kapenta, atanenepa, chitenje chatsopano m'chiuno. Anaima pamenepo n'kuyamba kufotokoza za chitetezo cha thupi ngati mphunzitsi, mpaka anafika ponena kuti iye akhoza kumukhululukira mkaziyo, abwerere kunyumba akangopimitsa.

Tisauke anamusiya amalize.

"Ninapimisa kale, ba Ezron. Nili chabe bwino," anatero, akuingitsa ntchentche. "Fendaniko uko, mwanichingira makasitoma."